Anthu amene anaphunzitsa kompyuta kuona, ndi zomwe imaphonya kuchigwa cha Shire

Madzi akasefukira ku Makhanga kapena ku Bangula, monga zinachitikira mu Januwale 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ogawa thandizo amafuna kudziwa msanga kuti nyumba zomwe zamizidwa ndi zingati, ndiponso msewu womwe ukudutsika ndi uti. Masiku ano gawo lina la yankho limachokera pa zithunzi zojambulidwa kumwamba ndi droni kapena setilaiti. Zithunzizo zimachuluka moti munthu sangathe kuziunika zonse thandizo lisanachedwe, ndiye amazipereka kwa pulogalamu ya kompyuta. Luso lopanga mapulogalamu otere limatchedwa computer vision, ndipo mizati yake inaimikidwa ndi anthu owerengeka omwe mayina awo ndi odziwika. Ukadziwa chomwe aliyense anapanga, umadziwanso pomwe pulogalamuyo ingatinamize kuno kuchigwa.

Kompyuta siona nyumba kapena ng'ombe, imalandira manambala basi. Chithunzi cha foni ya 12 megapixel chili ndi timadontho 12 miliyoni, 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Kadontho kalikonse, komwe amati pixel, kamasunga manambala atatu, la kufiira, la kubiriwira ndi la buluu, lililonse pakati pa 0 ndi 255. Ng'ombe imodzimodziyo mukaijambula m'mawa ndi masana, manambala ake amasiyana kutalitali. Mu 1966 Seymour Papert wa ku MIT, yunivesite ya ku America, anakonza zoti ophunzira athane ndi gawo lalikulu la vuto lophunzitsa kompyuta kuonali m'miyezi yochepa ya tchuthi. Zinatenga zaka zoposa 40.

Woyamba amene ntchito yake imatikhudza mwachindunji ndi David Lowe wa ku University of British Columbia ku Canada. Mu 1999 anatulutsa njira yotchedwa SIFT, n'kuifotokoza mokwanira mu 2004. SIFT imasaka malo odziwikiratu pa chithunzi, monga ngodya ya denga la malata kapena mphambano ya tinjira, ndipo malo alionse imawalemba ndi manambala 128. Manambalawo sasintha kwenikweni ngakhale chithunzi chitembenuzidwe kapena chijambulidwe chapatali pang'ono. Choncho kompyuta imatha kuzindikira kuti ngodya ili pa chithunzi ichi ndi yomweyo ili pa chinzake, n'kulumikiza zithunzi mazanamazana kukhala mapu amodzi. Mapulogalamu ngati OpenDroneMap, omwe ndi aulere, amayendera njira ya mtundu womwewu.

Kuti kulumikizako kutheke, droni iuluke m'mizere, ndipo chithunzi chilichonse chibwereze pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti ya chomwe chachitsogolera, komanso 60 mpaka 70 peresenti ya cha mzere woyandikana nawo. Droni ikakwera mamita 100 m'mwamba, kamera ya 20 megapixel imapereka pixel imodzi pa masentimita pafupifupi 3 a pansi, zomwe n'zokwanira kuona nkhokwe ndi khola. Musanauluke, yalani pansi zizindikiro zisanu kapena kuposerapo, monga nsalu yakuda ndi yoyera yosokedwa mopingasa, ndipo muyeze malo ake ndi GPS yabwino. Popanda zimenezi mapu amatha kutsetsereka ndi mamita angapo, ndipo mukawayerekeza ndi a chaka chatha, gombe la Ruo lidzaoneka ngati lasuntha pomwe silinasunthe. Chilolezo cha oyang'anira maulendo a ndege ndi mawu kwa amfumu zikhale zitatheka kale.

Vuto limabwera pomwe mapuwo akufunika kwambiri. Wopalasa bwato amadziwa pomwe ali poona mtengo kapena chulu cha m'mbali. Madzi akadzadza dambo lonse, alibenso choonera. SIFT nayo ikafika pamwamba pa madzi otambalala sipeza chogwira, ndipo kunyezimira kwa dzuwa pamadzi kumasuntha pa chithunzi chilichonse. Zotsatira zake ndi mapu obowoka kapena opindika. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo imavutanso chimodzimodzi: mizere yonse imafanana, ndiye kompyuta imalumikiza mzere uwu ndi wina wolakwika, makamaka kukamaomba mphepo yogwedeza masamba. Chothandiza ndi kuuluka m'mwamba pang'ono kuti chithunzi chilichonse chikhale ndi mtunda, mtengo kapena ngalande, kuonjezera kubwereza kufika 85 peresenti, ndi kupewa nthawi ya masana dzuwa lili paliwombo.

Njira zambiri zakale ngati zimenezi zimapezeka mu OpenCV, nkhokwe ya mapulogalamu yomwe Gary Bradski anayamba ku Intel mu 1999 n'kuitulutsa kwaulere mu 2000. Munalinso njira ya Paul Viola ndi Michael Jones ya mu 2001 yopezera nkhope mwachangu, yomwe inachititsa kuti makamera aziika kabokosi pankhope ya munthu. Wophunzira wa ku Nsanje amene ali ndi laputopu wamba ndi Python, chinenero cholembera mapulogalamu, akhoza kuitsitsa lero osalipira kalikonse kupatula bando.

SIFT imadziwa kuti malo awa ndi omwe aja, koma sidziwa kuti ndi nyumba. Zimenezo zinadzera njira ina. Yann LeCun, ali ku Bell Labs mu 1989, anasiya kulembera kompyuta malamulo a maonekedwe a chinthu. Anaipatsa zitsanzo za manambala olembedwa pamanja, aliyense ndi yankho lake, ndipo nthawi iliyonse ikalakwitsa, pulogalamuyo inkakonza pang'ono manambala ake amkati. Zitsanzo za MNIST, zomwe ophunzira amayambira mpaka pano, ndi tizithunzi 60,000 tophunzirira ndi 10,000 toyesera, kalikonse ka mapixel 28 kwa 28. Njirayo inagwira ntchito powerenga macheke a kubanki, koma pa zithunzi zenizeni za panja inasowa zinthu ziwiri: zitsanzo zochuluka ndi makina amphamvu.

Zitsanzozo anazisonkhanitsa Fei-Fei Li ndi gulu lake. Nkhokwe yawo ya zithunzi yotchedwa ImageNet, yomwe anaionetsa mu 2009, inakula kufika pa zithunzi zoposa 14 miliyoni, ndipo chilichonse anachiyang'ana ndi kuchitsimikizira dzina anthu olembedwa ganyu pa intaneti. Mpikisano wa mapulogalamu otchula zomwe zili pa zithunzizi unali ndi magulu 1,000 a zinthu ndi zithunzi zophunzirira 1.2 miliyoni. Mu 2012 Alex Krizhevsky, pamodzi ndi Ilya Sutskever ndi Geoffrey Hinton ku Toronto, anaphunzitsa pulogalamu yawo pa makhadi awiri a GTX 580, omwe anapangidwira masewero a pakompyuta, kwa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Inalakwitsa 15.3 peresenti pomwe yachiwiri inalakwitsa 26.2 peresenti. Pofika 2015, ResNet ya Kaiming He ndi anzake inatsitsa kulakwitsako kufika 3.57 peresenti.

Ambiri akamasimba mbiriyi amatamanda kwambiri chaka cha 2012. Kwa ife akuchigwa, phunziro lalikulu lili pa ntchito ya Li, yotopetsa ija yosonkhanitsa ndi kutchula zithunzi. Mapulogalamu a anthu onsewa ndi aulere ndipo aliyense angawatsitse. Chomwe simungatsitse ndi zithunzi za thonje la ku Ngabu, mapira a ku Tengani kapena madimba a m'mbali mwa Shire, chifukwa palibe wina adzazijambule kupatula okhala konkuno.

Umboni wake ulipo. Mu 2016 Sharada Mohanty, David Hughes ndi Marcel Salathé anaphunzitsa pulogalamu kuzindikira matenda a mbewu ndi zithunzi 54,306 za PlantVillage. Poyesedwa pa zithunzi za mtundu womwewo inakhoza 99.35 peresenti. Ataipatsa zithunzi zojambulidwa kwina, inakhoza pafupifupi 31 peresenti yokha. Masamba oyamba aja anali othyoledwa, oikidwa limodzilimodzi pamalo osalala. M'munda muli dothi, udzu, mithunzi ndi dzanja la mlimi. Pulogalamu ya pafoni ya Nuru, yomwe gulu la PlantVillage linapanga pambuyo pake younikira chinangwa ndi mbozi za m'chimanga, inaphunzitsidwa ndi zithunzi za m'minda yeniyeni, ndipo akatswiri a ku Makerere University ku Uganda atsatanso njira yomweyo pa chinangwa chawo.

Wofuna kuchita zotere pa mbewu zathu sayambira pachabe. Amatenga pulogalamu yophunzitsidwa kale pa ImageNet, monga ResNet, n'kuchotsa gawo lake lomaliza ndi kuikapo latsopano la magulu ake, tinene anayi: tsamba labwino, lodyedwa ndi mbozi, lopiringizika ndi nsabwe, ndi lachikasu chifukwa chosowa chakudya m'nthaka. Pa gulu lililonse pafunika zithunzi mazana angapo poyambira. Zijambulidwe ndi mafoni osiyanasiyana, kuphatikizapo otsika mtengo omwe alimi ali nawo, m'mawa, masana ndi madzulo, m'minda yambiri. Ngati masamba onse odwala ajambulidwa m'munda umodzi wa dothi lakuda la makande, ndipo abwino onse m'munda wa mchenga, pulogalamuyo idzaphunzira mtundu wa dothi osati matenda, ndipo pamayeso idzaoneka yanzeru kwambiri. Chithunzi chilichonse achitchule alangizi awiri, aliyense payekha. Pomwe asiyana, chiikidwe padera mpaka atagwirizana. Fumbi la mu Okutobala limayeretsa masamba, choncho zithunzi za nyengo ya mvula zokha sizikwanira. Ndipo kutentha kukapitirira madigiri 40, foni imadzichepetsera liwiro kapena kutseka kamera, ndiye pulogalamu yoti igwire ntchito m'munda ikhale yaing'ono, yosadalira netiweki.

Kutchula chomwe chili pa chithunzi ndi ntchito ina, kuwerenga ndi inanso. Joseph Redmon, ali wophunzira ku University of Washington, anatulutsa YOLO mu 2015, atailemba pa Darknet, chida chomwe anapanga yekha m'chinenero cha kompyuta chotchedwa C. YOLO imayang'ana chithunzi kamodzi kokha n'kuika bokosi pa chinthu chilichonse, ndipo yoyambayo inkatha zithunzi 45 pa sekondi. Inkagawa chithunzi m'zigawo 7 kwa 7, chigawo chilichonse n'kupereka mabokosi awiri okha, motero tinthu ting'onoting'ono tothithikana tinkaisokoneza. Mitundu yatsopano yachepetsa vutoli koma silinatheretu: mbuzi 30 zounjikana pamthunzi zimawerengedwa mochepera, ndipo zobisika pansi pa mtengo siziwerengedwa n'komwe. Cholakwika chofala ndi kupereka chithunzi chonse cha droni, chomwe pulogalamu imayamba yachichepetsa kufika mapixel 640. Ng'ombe ya mamita awiri, yomwe inali mapixel pafupifupi 70, imatsala osakwana 10. Chithunzicho chiduliwe m'zidutswa za 640 kwa 640 zolowana pang'ono m'mphepete, kenako mabokosi obwerezedwa achotsedwe. Redmon mwiniwake ananena mu 2020 kuti anasiya kafukufukuyu chifukwa chodera nkhawa momwe akugwiritsidwira ntchito pa zankhondo ndi kuzonda anthu, nkhawa yomwe aliyense woulutsa kamera pamwamba pa mabafa ndi zimbudzi zopanda denga ayenera kuiganizira.

Pa madzi osefukira sitifuna mabokosi koma malire. Apa ambiri amagwiritsa ntchito U-Net, yomwe Olaf Ronneberger ndi anzake ku Freiburg anapanga mu 2015 younikira zithunzi za maselo a m'thupi. Imagamula pixel iliyonse kuti ndi madzi kapena mtunda. Pa nthawi ya namondwe mitambo imatseka kamera wamba, ndiye timadalira Sentinel-1, setilaiti ya radar, chida chomwe chimatumiza chizindikiro chopyoza mitambo n'kuyeza chomwe chabwerera. Madzi odekha amaoneka akuda chifukwa amataya chizindikiro cha radar kumbali. Koma ku Elephant Marsh madzi amabisala pansi pa bango ndi namasupuni, ndipo saoneka akuda, pomwe mchenga wouma wa mu mtsinje wa Mwanza umatha kuda ngati madzi. N'chifukwa chake chithunzi cha tsiku la chigumula chiyenera kuyerekezedwa ndi cha malo omwewo madzi asanabwere. Setilaiti zaulere zimenezi pixel yake ndi mamita pafupifupi 10, yaikulu kuposa nyumba zambiri zakumudzi. Zimaonetsa dera lomizidwa, osati nyumba imodziimodzi.

Mayeso nawo amanamiza. Popeza zithunzi za droni zimabwerezana, nyumba imodzi imapezeka pa zithunzi khumi kapena kuposa. Mukazisakaniza n'kugawa mwachisawawa, nyumba yomweyo imakhala m'zophunzirira ndi m'zoyesera momwe, ndipo pulogalamu imangokumbukira. Gawani potsata midzi: iphunzire ku Nsanje, iyesedwe pa midzi ya ku Chikwawa yomwe sinaionepo.

Ngakhale mutatero, nambala imodzi ya kukhoza imabisa zambiri. Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anaonetsa izi mu 2018 atayesa mapulogalamu atatu a makampani akuluakulu onena ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyera khungu kulakwitsa sikunapitirire 0.8 peresenti, pa akazi akuda kunafika 34.7 peresenti. Chomwe anachita ndi kugawa zotsatira m'magulu m'malo mozisonkhanitsa pamodzi. Kuno magulu athu ndi madenga. Malata amawala ndipo ali ndi ngodya zoongoka. Denga la udzu limafanana mtundu ndi bwalo louma, nthawi zina lili pansi pa mtengo wa nimu kapena wa masau. Tingoyerekeza mudzi wa nyumba 500, za malata 300 ndi za udzu 200. Pulogalamu ikapeza 285 za malata ndi 120 za udzu, lipoti lidzati yakhoza 81 peresenti, zomwe zimamveka bwino. Koma mwa nyumba 95 zophonyedwa, 80 ndi za udzu, zomwe kawirikawiri makoma ake ndi a zidina ndipo zimayamba kugwa madzi akafika. Lipoti lililonse lotere lipereke manambala a madenga awiriwa padera, ndipo mndandanda usanapite kwa ogawa chimanga ndi mapepala apulasitiki, anthu a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi ayende pansi m'zigawo zingapo zosankhidwa mwamaere, awerenge nyumba ndi maso, n'kuyerekeza ndi zomwe kompyuta yapeza.