Kompyuta yopanda monita ikamakuonetsani kasikirini kopanikizika

Mayi wina wowerengera ndalama pa ofesi ina anandiimbira foni m'mamawa, ntchito itaima. Kompyuta yomwe amasungamo mabuku a ndalama imakhala m'kachipinda kokiya, ndipo iwo amailowera ndi AnyDesk, pulogalamu yogwiritsira ntchito kompyuta uli patali, kuchokera pa laputopu yawo. Tsiku limenelo zonse zinatuluka zikuluzikulu ngati zilembo za pa bolodi ya Sitandade 1, batani losungira ntchito litagwera kunsi kwa sikirini kosafikika. Iwo ankati ndi netiweki. Nditafunsitsa, ndinamva kuti monita ya kompyutayo anaichotsa sabata yapitayo n'kuipereka kwa wantchito watsopano, ndipo usiku wa dzulo lake la tsiku limene anandiimbiralo magetsi anathima.

Netiweki inalibe mlandu. Kompyuta ikamayaka, imafunsa monita kudzera pa chingwe chomwecho cha HDMI kapena VGA kuti, ndiwe yani, ndipo umatha kuonetsa timadontho tingati m'lifupi ndi m'litali? Monita iliyonse ili ndi kauthenga kake koyankhira funsoli, kotchedwa EDID. Muyezo wake unakhazikitsidwa ndi bungwe la VESA mu 1994, ndipo gawo lake loyamba ndi mabayiti 128 okha. Yankho likasowa, kompyuta imasankha kukula komwe monita iliyonse yakale ingakwanitse, monga 1024x768, 800x600, mwinanso 640x480. Ya mayi aja inkaoneka bwino sabata yonse chifukwa inali isanazimepo chichotsereni monita. Magetsi atabwera inayakanso, n'kufunsa, osayankhidwa.

Apa pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa. AnyDesk, TeamViewer ndi mapulogalamu ambiri a VNC (njira inanso yolowera kompyuta uli patali) amangojambula zomwe kompyutayo ikutumiza ku monita yake n'kukupatsirani. Ikatumiza zochepa, inunso mulandira zochepa, ndipo kukoka windo kuti lidzaze laputopu yanu kumangokulitsa zilembo zosaoneka bwino. Remote Desktop ya Windows imachita zosiyana: imadzipangira sikirini yakeyake potengera kompyuta yomwe mwakhalapo inuyo. Mutha kuiuzanso kukula komwe mukufuna polemba mstsc /w:1920 /h:1080. Koma kompyuta yolowedwayo iyenera kukhala ndi Windows Pro kapena yoposerapo, chifukwa Home salola kulowedwa mwa njira imeneyi, ndipo munthu amene ali pa kompyutayo amatsekeredwa kunja inu mukalowa. Pothandiza mnzanu kuti nonse muziona chimodzimodzi, njirayi siyoyenera.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi kapulagi kotchedwa HDMI dummy plug. N'kakang'ono ngati fulashi, kalibe chingwe, ndipo mkati mwake muli kachipangizo kosunga EDID basi. Mukakabaya pomwe pamalowa monita, kompyuta imakhulupirira kuti monita ilipo, ndiye mndandanda wonse wa resolution, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho m'lifupi ndi m'litali, umabwerera. Chimandisangalatsa n'chakuti sikadalira pulogalamu iliyonse. Windows isinthe, magetsi athime katatu pa tsiku, iko kamayankha chimodzimodzi nthawi zonse. Pa makompyuta akale a VGA, amisiri amapanga kotere ndi maresista (tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi) atatu a 75 ohm, kulumikiza pini 1 ndi 6, 2 ndi 7, 3 ndi 8. Kameneka kalibe EDID, kamangonamiza kompyuta kuti chinachake chalumikizidwa, choncho resolution mumaisankha nokha.

Ngati kapulagi simunakapeze, pulogalamu imathanso kugwira ntchitoyi, kungoti makina aliwonse ali ndi njira yake. Pa Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kokwana m'dzanja, kale tinkalemba hdmi_force_hotplug=1, hdmi_group=2 ndi hdmi_mode=82 mu fayilo ya config.txt kuti tipeze 1920x1080. Pa Raspberry Pi OS Bookworm yomwe inatuluka mu 2023, mizere imeneyi sigwiranso ntchito, ndipo ndaona anthu akutaya tsiku lathunthu akutsatira malangizo akalewa. Tsopano mumawonjezera video=HDMI-A-1:1920x1080@60D kumapeto kwa mzere womwe uli mu cmdline.txt, pa mzere womwewo osatsikira pansi. Chilembo D chakumapetocho ndicho chimakakamiza HDMI kuyaka ngakhale palibe cholumikizidwa. Pa Linux wina, vncserver -geometry 1920x1080 imakutsegulirani sikirini yatsopano yosadalira monita. Eni makompyuta a Mac mini okhala ndi purosesa yopangidwa ndi Apple yomwe (Apple silicon) anapepukidwa kuyambira macOS Sonoma ya 2023: Screen Sharing ili ndi High Performance yomwe imapanga sikirini yongoyerekeza, bola Mac inayo ikhalenso yamtundu womwewo ndipo netiweki ikhale yamphamvu.

Ndikuchenjezeni pa chimodzi, chifukwa mapulagi ambiri amalembedwa 4K ndipo munthu amakopeka kusankha nambala yaikulu kwambiri. Sikirini ya 1024x768 ili ndi timadontho 786,432. Ya 1920x1080 ili ndi 2,073,600, pomwe ya 4K, yomwe ndi 3840x2160, ili ndi 8,294,400, kuwirikiza kanayi. Chilichonse chosintha pa timadontho timeneti chimayenera kudutsa pa intaneti. Ngati mukulowera pa hotspot ya foni, bandulo idzatha msanga, mbewa izitsalira m'mbuyo mwa dzanja lanu, ndipo zilembo zidzachepa mpaka kutsinzinira maso. Yang'anani kaye resolution ya sikirini yomwe mukhale mukuonerapo, musankhe yofanana nayo kapena yocheperapo pang'ono.

Laputopu ya mayi aja inali ya 1366x768, monga malaputopu ambiri a m'maofesi athu. Ndinabaya kapulagi kuseri kwa kompyuta ija, n'kusankha 1366x768 yomweyo, kenako ndinaizimitsa n'kuiyatsanso kawiri iwo akuona, kuti titsimikize kuti magetsi akadzathimanso batani lija lidzapezeka pamalo pake. Pa kapulagiko ndinamatapo kapepala kolembedwa kuti "Osazula", chifukwa woyeretsa kapena mnzanu wofuna fulashi akhoza kukatenga osadziwa ntchito yake.