Kusiya mankhwala a matenda ovutika maganizo mukawamwa nthawi yaitali

Uthengawu ndi wa anthu amene akhala akumwa mankhwala monga fluoxetine, sertraline, citalopram, paroxetine, venlafaxine kapena amitriptyline kwa miyezi yambiri kapena zaka, ndipo tsopano akuganiza zosiya. Ukukhudzanso achibale amene amawasamalira. Kusiya n'kotheka, anthu ambiri amasiya bwinobwino. Koma musangodzuka m'mawa wina n'kuleka kumwa, ndipo musachite izi panokha osakambirana ndi dokotala kapena namwino amene amakuonani.

Kodi nthawi yake yakwana?

Malangizo a madokotala ndi akuti munthu apitirize kumwa mankhwalawa kwa miyezi 6 kapena kuposa kuchokera pamene wayamba kupeza bwino. Amene matendawa anamugwirapo kangapo nthawi zambiri amalangizidwa kupitiriza kwa zaka 2 kapena kuposa. Kupeza bwino pakokha si chizindikiro choti mankhwala atha ntchito. Mwina mukupeza bwino chifukwa cha mankhwala omwewo.

Kafukufuku wa ANTLER, yemwe anachitika ku England ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anatsata anthu 478 amene anali atamwa mankhwalawa nthawi yaitali ndipo ankadziona kuti angathe kusiya. Pakutha kwa chaka chimodzi, matenda anali atabwerera mwa anthu 56 pa 100 alionse amene anasiya, pomwe mwa amene anapitiriza kumwa anabwerera mwa 39 pa 100. Manambalawa akunena zinthu ziwiri nthawi imodzi: kusiya kumakweza mpata woti mudwalenso, komabe anthu oposa 4 pa 10 anasiya osadwalanso chaka chonsecho. Nkhani yanu idalira kuti munadwala kangati, munadwala kwambiri motani, komanso moyo wanu uli pati panopa. Ngati muli pa maliro, banja likugwedezeka, mwangoyamba ntchito yatsopano kapena mayeso ali pafupi, dikirani kaye.

Thupi limazolowera

Ambiri mwa mankhwalawa amasintha kagwiridwe ntchito ka serotonin, imodzi mwa timadzi totumiza mauthenga mu ubongo. Mukawamwa nthawi yaitali ubongo umadzikonza kuti uzigwira ntchito mankhwalawo alimo. Mukawachotsa mwadzidzidzi, ubongo umasowa mpata wobwerera mmene unalili. Ichi si chibaba chonga cha fodya kapena mowa, pakuti munthu salakalaka piritsi kapena kufuna kuwonjezera mlingo kuti asangalale. Si kufooka kwa mtimanso ayi.

Zizindikiro zimayamba kawirikawiri pakangopita masiku ochepa munthu atasiya kapena atachepetsa mlingo. Pamakhala chizungulire, nseru, kuphwanya thupi ngati chimfine, thukuta, kusowa tulo ndi maloto oopsa ooneka ngati zenizeni. Ena amapsa mtima msanga, amalira popanda chifukwa kapena amagwidwa nkhawa imene sanayimvepo. Pali chizindikiro china chimene chimaopsa anthu kwambiri: kumva ngati shoko ya magetsi yadutsa m'mutu, makamaka potembenuza maso. N'chosautsa, koma sichisonyeza kuti ubongo wawonongeka.

Kafukufuku wamkulu wa mu 2024, wofalitsidwa m'magazini ya Lancet Psychiatry, anapeza kuti pafupifupi anthu 15 pa 100 alionse amakhala ndi zizindikiro zochokeradi ku kusiya mankhwala, ndipo pafupifupi 3 pa 100 zimawavuta kwambiri. Akatswiri ena amati nambalayi ndi yochepa kwa anthu amene amwa kwa zaka zambiri, popeza ambiri mwa amene anafufuzidwa anamwa kwa nthawi yochepa. Kale anthu ankauzidwa kuti zizindikirozi n'zazing'ono ndipo zimatha sabata imodzi kapena ziwiri. Mu 2019 bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zachipatala ku England, linasintha mawu ake n'kuvomereza kuti kwa ena zimakhala zoopsa ndipo zimatha miyezi.

Mtundu wa mankhwala umasiyanitsanso. Paroxetine ndi venlafaxine amachoka m'magazi msanga, n'chifukwa chake ndi amene amavuta kwambiri kusiya. Ena amamva chizungulire akangoiwala kumwa tsiku limodzi. Fluoxetine amatenga masabata kuti atheretu m'thupi, choncho zizindikiro zake zimachepa, koma zimathanso kubwera mochedwa mpaka munthu osazindikira chomwe chazibweretsa.

Kodi ndi kusiya mankhwala kapena matenda abwerera?

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, nthawi zina ndi madokotala omwe. Munthu amasiya mankhwala, pakapita masiku anayi akulira ndi kusowa tulo, n'kunena kuti "ndiye kuti sindingakhale popanda mankhwala." Mwina si choncho. Zizindikiro za kusiya zimabwera msanga, zimabwera ndi zinthu za m'thupi monga chizungulire ndi shoko ija, ndipo zimachepa pakangopita masiku ochepa mukabwerera pa mlingo wakale. Matenda akamabwerera amadza pang'onopang'ono, pakapita masabata kapena miyezi, ndipo amafanana ndi mmene munadwalira poyamba. Dzifunseni: kodi izi ndinazimvapo ndisanayambe mankhwala? Kulemba m'kabuku mlingo wa tsiku lililonse ndi mmene mwamvera kumathandiza dokotala kusiyanitsa ziwirizi.

Kumapeto ndiko kovuta

Anthu ambiri amaganiza kuti kuchoka pa 20 mg kufika pa 15 mg n'chimodzimodzi kuchoka pa 5 mg kufika pa ziro, poti konse mwachotsa 5 mg. Ubongo suwerengera choncho. Mu 2019 ofufuza awiri, Mark Horowitz ndi David Taylor, pogwiritsa ntchito zithunzi zounika ubongo, anasonyeza kuti mlingo waung'ono umagwira ntchito yaikulu kuposa mmene nambala yake ikuonekera. Citalopram wa 20 mg amatseka pafupifupi 80 pa 100 ya timakomo ta mu ubongo tobwezera serotonin, ndipo kutseka timakomoti ndiyo ntchito ya mankhwalawa. Mukachulukitsa kawiri kufika pa 40 mg, nambalayi imangokwera pang'ono. Koma 5 mg yokha imatsekabe timakomo toposa theka. Ndiye kuchoka pa 20 mg kufika pa 15 mg kuli ngati kutsika sitepe imodzi, pomwe kuchoka pa 5 mg kufika pa ziro n'kudumpha kuchokera padenga.

N'chifukwa chake kuchepetsa kuyenera kunka kucheperachepera pamene mlingo ukutsika. Amene wamwa miyezi yochepa angathe kuchepetsa theka kapena gawo limodzi mwa magawo anayi pa masabata 2 mpaka 4 alionse. Amene wamwa zaka, kapena amene anayesapo kusiya zikavuta, angafunike kuchotsa 5 kapena 10 pa 100 ya mlingo umene ali nawo panthawiyo, osati umene anayambira. Ulendo wotere umatenga miyezi yambiri, kwa ena kuposa chaka, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Zizindikiro zikakula, imani pa mlingo umene mulipo mpaka zitakhazikika, kapena bwererani pa mlingo umene munali bwino, kenako mudzatsike ndi sitepe yocheperapo.

Vuto ndi lakuti mapiritsi sapangidwa m'milingo ing'onoing'ono chotere. Funsani ngati mankhwala anu alipo amadzi, omwe amayezedwa ndi sirinji, kapena ngati piritsi lanu lingadulidwe. Mapiritsi ndi makapisozi opangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'mimba, monga mitundu ina ya venlafaxine, musawaphwanye kapena kuwatafuna. Musamwenso modumphitsa masiku poganiza kuti ndiko kuchepetsa: mankhwala amakwera ndi kutsika m'magazi ndipo zizindikiro zimakula. Fluoxetine yekha ndiye nthawi zina dokotala amalola kutero.

Pa nthawi yonseyi uzani munthu mmodzi wa pakhomo amene mumamudalira, chifukwa kusintha kwa khalidwe amayamba kukuona ndi amene muli naye pafupi. Uphungu wa za maganizo umachepetsa mpata woti matenda abwerere, choncho ngati ulipo, ino ndi nthawi yabwino youyamba. Amayi amene azindikira kuti ndi oyembekezera asasiye mankhwala mwadzidzidzi chifukwa cha mantha. Akaonane ndi dokotala msanga kuti aunike limodzi ubwino ndi kuopsa kwake.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mukuganiza zodzipha kapena zodzivulaza, ngati thupi likukukanikani kukhala malo amodzi moti mukungoyendayenda mosautsika, ngati mwatha masiku osagona koma mukumva mphamvu zodabwitsa n'kumalankhula mosalekeza, kapena ngati mwasokonezeka mutu. Tengani paketi ya mankhwala ndi kabuku kanu kaja, ndipo muwauze tsiku limene munachepetsa mlingo komaliza.