Simenti ya dzino si mankhwala a ululu

Sabata silitha ndisanamve mawu awa: "A dokotala, ingondiikirani simenti ija kuti dzino lisiye kuwawa." Wonenayo amakhala atagwira tsaya, maso ali psuu chifukwa chosagona masiku atatu. Ndayankha pakamwa mpaka kutopa, ndiye lero ndilembe.

Chimene anthu kuno ku Lusaka amati simenti, ife timachitcha glass ionomer. Ndi ufa wa galasi lopera bwino, wokhala ndi fluoride, umene timasakaniza ndi madzi ake a asidi mpaka ukhale ngati phala lolimba. Anaupanga ndi Alan Wilson ndi Brian Kent ku London, ndipo analengeza za ntchito yawo mu 1972. Ubwino wake ndi woti umadzimatirira wokha ku dzino, komanso umatulutsa fluoride pang'onopang'ono, zomwe zimateteza m'mbali mwa bowo kuti musayambenso kuola. Sufuna nyale ya buluu ija kuti uume, ndipo pa bowo laling'ono sitifunanso makina obowolera. Timangopala chowolacho ndi tizitsulo ta m'manja, kupukuta, kumata, n'kukanikiza ndi chala chopaka Vaseline. Njira imeneyi, yotchedwa ART (Atraumatic Restorative Treatment), anaiyambitsa Jo Frencken ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, kumalo kopanda magetsi, ndipo masiku amene magetsi athima tsiku lonse ine ndimamuthokoza mumtima. Mu 2021 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika simentiyi pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Ndiye amene mumati ndi ya amphawi kapena ndi yongoyembekezera, musiye zimenezo.

Koma simenti imatseka bowo basi. Siipha ululu, siichiza mtsempha wa dzino. Dzino likamanyerenyetsa mukamwa madzi ozizira kenako n'kusiya msanga, nthawi ikadalipo, bwerani tidzamate. Likayamba kuwawa lokha usiku, kugunda ngati ng'oma, kapena pa nkhama patuluka kachithupsa, ndiye kuti tizilombo tafika kale pa mtsempha. Kumata dzino lotero kuli ngati kuvundikira mphika wowira n'kuikapo mwala. Mafinya akasowa potulukira amalowera ku fupa ndi kutsaya.

Pali kamtsikana kena ka zaka zisanu ndi ziwiri kamene sindikaiwala. Anabwera nako mayi ake kuchokera ku Kanyama, komboni ya kuno ku Lusaka, tsaya lakumanzere litatupa mpaka diso kuchepa, kukamwa kukungotseguka pang'ono polowa chala chimodzi. Nditaunika ndinapeza dzino lakumbuyo lam'munsi litamatidwa ndi chinthu choyera, chophwanyikaphwanyika ngati choko. Mayiwo anati mwanayo analira usiku kwa milungu iwiri, ndipo munthu wina wokhala ndi kachipinda kuseri kwa msika anawauza kuti akamata lisiya. Anamatadi, osapala n'komwe chowola, nalandira ndalama.

Ndinawafunsa kuti, "Amayi, bowoli munaliona liti?"

"Chaka chatha, a dokotala. Koma ndimati ndi la mkaka, liguluka lokha."

Silinali la mkaka. Dzino loyamba lalikulu lakumbuyo limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, kuseri kwa mano onse a mkaka, popanda lina kuguluka, n'chifukwa chake makolo ambiri salizindikira. Limenelo ndi la moyo wonse. Mwanayo anagonekedwa m'chipatala, ndipo dzinolo tinazula. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti akanabwera chaka chatha chija, simenti yomweyi ikanalipulumutsa pa mphindi zochepa, mwina popanda ngakhale jakisoni. Mayiwo sindiwaimba mlandu kwenikweni. Koma bambo wa kuseri kwa msikayo ndikanakonda nditamuonetsa nkhope ya mwana uja.

Ufa wa simentiwu masiku ano umagulika mosavuta, ndiye aliyense wovala chovala choyera akudzitcha dokotala wa mano. Kusakaniza kokhako kuli ndi muyeso wake: madzi akachuluka simenti imafooka, malovu akaikhudza isanagwire imasungunuka pamwamba. Musachite manyazi kufunsa chiphaso cha Health Professions Council of Zambia, bungwe lovomereza ogwira ntchito zachipatala. Wovomerezeka sakwiya mukamufunsa, nthawi zambiri chimakhala chili pakhoma kale. Ndipo inu amene mumaphwanya Panado n'kuika pa bowo, kapena kudonthezerapo mafuta a mabuleki, mukungowotcha nkhama.

Simenti ili ndi malire ake, sindibisa. Siilimba ngati amalgam, chitsulo chotuwa chija, kapena composite, chomatira choyera ngati dzino. Pa bowo lalikulu lofika mbali ziwiri za dzino lotafunira imatha kuthetheka kapena kuperepeseka. Imachita bwino pa mano a ana, pa mabowo ang'ono a pamwamba, ndi m'khosi mwa dzino pafupi ndi nkhama, makamaka kwa agogo athu. Ndikakuuzani kuti panu sipoyenera simenti, sikuti ndikufuna ndalama zambiri.

Mukamatidwa, musadye kanthu kwa ola limodzi, ndipo tsiku lonselo tafunirani mbali inayo chifukwa imakhala ikulimbabe. Mwezi watha mnyamata wina anabwerera madzulo a tsiku lomwelo, simenti ili m'manja, akuti yagwa yokha. M'thumba la malaya munali chimanga chokazinga chimene anagula pa siteshoni ya basi.