Tsiku lomwe ansembe a ku Amritsar anagonjera tsamba 638

Ku Punjab, kumpoto kwa India, si zachilendo kupeza mudzi umodzi uli ndi nyumba zopembedzeramo Asikhi ziwiri kapena zitatu. Nyumba zimenezi amazitcha gurdwara. Ina imakhala ya eni minda, omwe ambiri ndi a fuko la Jat, ndipo ina, yocheperapo, imakhala kumalire a mudzi, ya anthu omwe makolo awo ankasesa m'misewu kapena kufufuta zikopa. M'midzi ina ngakhale malo otenthera maliro ndi osiyana. Mu 2018 bungwe lalikulu loyang'anira ma gurdwara, la Shiromani Gurdwara Parbandhak Committee, lomwe ambiri amangoti SGPC, linayamba kupempha midzi kuti iphatikize nyumbazi, mudzi uliwonse ukhale ndi imodzi. Patapita zaka ziwiri bungwe lomwelo linakwanitsa zaka 100, ndipo mkangano unabukanso. Ena amati Chisikhi chinathana kale ndi tsankho la kubadwa ndipo zotsalazi ndi makhalidwe a kumudzi chabe. Anzawo, makamaka Asikhi a m'magulu onyozeka omwe lero amatchedwa Adaliti, amayankha kuti bungwelo likuiwala kuti linabadwa chifukwa cha mbale ya chakudya yomwe makolo awo ananyamula. Akamatero amakhala akunena za tsiku limodzi, 12 Okutobala 1920.

Pa zolembedwa, nkhaniyi sinayenere kukhalapo n'komwe. Guru Nanak, Guru (mphunzitsi wamkulu) woyamba wa Asikhi, yemwe anabadwa mu 1469, anaimba kuti malo ake ndi pakati pa otsika mwa otsikitsitsa, ndipo alibe chochita ndi kupikisana ndi akuluakulu. Chiphunzitso chake chimati chomwe chimalekanitsa munthu ndi Mulungu ndi haumai, kudzimva kuti "ine ndine, ndipo ndine wosiyana ndi uyo," ndipo kunyadira fuko ndi mtundu umodzi wa matenda amenewa. Mankhwala ake ndi kukumbukira Dzina la Mulungu, kudya za thukuta lako, kugawana ndi ena, ndi seva, kutumikira osayembekezera malipiro. Guru wachitatu, Amar Das, anakhwimitsa lamulo ku Goindwal loti wofuna kumuona ayambe wakhala pansi pamzere ndi kudya ndi aliyense m'khitchini ya onse, ya langar. Guru wachisanu, Arjan, atasonkhanitsa malemba mu 1604, anaikamo nyimbo za Ravidas wosoka nsapato, Kabir woomba nsalu, Sain wometa ndi Sadhna wopha nyama. Choncho Msikhi aliyense akagwada pamaso pa Guru Granth Sahib, buku lopatulika la masamba 1430, amagwadiranso mawu a anthu omwe gulu lapamwamba la nthawi imeneyo silikanamwa nawo madzi.

Ndiye palinso Bhai Jaita. Guru Tegh Bahadur atadulidwa mutu ku Delhi mu 1675, Jaita, wa m'banja la osesa, ndiye anautenga mutuwo mobisa mpaka kukaupereka kwa mwana wa Guruyo ku Anandpur. Mwanayo, yemwe anadzakhala Guru Gobind Singh, anamukumbatira n'kumutcha mwana wa Guru. Asikhi a gulu la Jaita amatchedwa Amazhabi, ndipo dzinali likutikhudza ife kuno. Ambiri mwa asilikali a Chisikhi oyamba omwe Harry Johnston anabweretsa ku Nyasaland mu 1891, pansi pa Kaputeni Cecil Maguire, anali Amazhabi. Anamenya nkhondo za atsamunda kumwera kwa nyanja, koma kwawo anali anthu omwe nsembe zawo zinkakanidwa pa kachisi wamkulu.

Kuti zifike pamenepo ndi nkhani yaitali koma yosavuta kutsata. M'zaka za m'ma 1700 Asikhi ankasakidwa, ndipo ma gurdwara anatsala m'manja mwa osunga otchedwa mahant, ambiri a iwo osatsata malamulo a Khalsa, gulu la Asikhi olowetsedwa mwa mwambo wapadera. Mfumu Ranjit Singh inawapatsa minda yambiri. Angelezi atalanda Punjab mu 1849, minda ija inayamba kulembedwa m'maina a osungawo, udindo n'kumapita kwa mwana kapena wophunzira wawo. Kachisi wamkulu wa ku Amritsar, Harmandir Sahib, uja wokutidwa ndi golide, boma linamuikira woyang'anira wake. Miyambo ya kusankhana inabwerera pang'onopang'ono. Magulu a Singh Sabha, kuyambira 1873, anailimbana nayo m'manyuzipepala ndi m'masukulu, ndipo mmodzi mwa olemba awo akuthwa, Giani Ditt Singh, anali wa gulu lonyozeka iye mwini. Koma makiyi anali ndi ansembe.

Chaka cha 1919 chinawonjezera moto. Pa 13 Epulo asilikali a Jenerali Dyer anapha anthu mazanamazana pa bwalo la Jallianwala Bagh, pafupi kwambiri ndi kachisi, ndipo woyang'anira woikidwa ndi boma, Arur Singh, analemekeza Dyer yemweyo ndi mphatso ya ulemu ya pa kachisi. Asikhi ambiri sanamukhululukire, ndipo mu 1920 anamukakamiza kusiya udindo. Ansembe anatsala opanda ulemu wambiri m'maso mwa anthu.

Pa bwalo lomwelo la Jallianwala Bagh, mu Okutobala 1920, panachitika msonkhano wa Khalsa Biradari, bungwe lomwe Mehtab Singh Bir anayambitsa kuti limenyere Asikhi a m'magulu onyozeka. Ena mwa iwo analandira amrit, mwambo wolowera mu Khalsa, ndipo pa tsiku lomaliza, la 12, anagwirizana zopita ku kachisi kukapereka karah prasad. Chakudya chimenechi chimaphikidwa ndi ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta a mkaka wa ng'ombe, zonse mofanana muyezo, wophika akunena mapemphero. Chikafika pamaso pa Guru Granth Sahib, wotsogolera amapemphera pemphero la ardas, amachikhudza ndi lupanga, kenako chimagawidwa m'manja mwa aliyense. Apa ndi pomwe panali vuto. Kulandira mbaleyo kunatanthauza kuti wansembe adye chophikidwa ndi dzanja la wosesa, ndipo achigawire anthu onse. Kuikana kunali ngati kubweza nsima ya mnansi pamaliro, anthu onse akuona.

Gululo silinapite lokha. Linaperekezedwa ndi ophunzira ndi aphunzitsi a pa Khalsa College, pakati pawo Teja Singh ndi Bawa Harkishan Singh. Atafika mkati, ansembe anakana kulandira prasad ndipo anakana kuwapempherera. Aphunzitsi aja anawakumbutsa zomwe malemba amanena, koma sizinaphule kanthu. Mkangano uli mkati kunafika Kartar Singh Jhabbar ndi Teja Singh Bhuchar, atsogoleri a magulu olimba mtima ochokera kumidzi, ndipo khamu linakula. Kenako mbali zonse zinavomera kufunsa Guru.

Kwa Msikhi mawu amenewa alibe chophiphiritsa. Mu 1708, ku Nanded, Guru Gobind Singh atatsala pang'ono kumwalira, analamula kuti pambuyo pake pasadzakhalenso Guru waumunthu, udindowo ukhale wa malemba. Kuyambira pamenepo bukuli limasamalidwa ngati mfumu yamoyo: limagonekedwa usiku, limanyamulidwa mbandakucha kupita pampando wake, ndipo limalankhula. Wowerenga amalitsegula mosasankha tsamba, n'kuwerenga nyimbo yoyamba ya kumtunda kwa tsamba lakumanzere, ndipo ngati inayambira kuseri amabwerera pomwe yayambira. Nyimbo imeneyo ndiyo hukam, lamulo la Guru pa tsikulo kapena pa nkhaniyo. Maziko ake ali m'pemphero loyamba la Guru Nanak, lomwe Asikhi amanena m'mawa uliwonse: khoma la bodza limagwa munthu akamayenda m'chifuniro cha Mulungu, ndipo womvetsa chifuniro chimenecho salankhulanso modzikuza. Ngakhale dzina la mwana wobadwa kumene limayamba ndi chilembo choyamba cha hukam ya tsiku lomutcha dzina.

Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti mbali zonse zinadzimanga zisanamve yankho. Bukuli lili ndi nyimbo zikwizikwi, ndipo likanatha kutseguka pa nyimbo ya mvula kapena ya mkwatibwi wolira mwamuna wake, aliyense n'kuikokera kwake. Ansembe akanataya ulemu okha. Onyamula mbale aja akanataya zambiri, pakuti akanabwerera kunyumba atauzidwa pagulu kuti ngakhale Guru sanawayankhe.

Linatseguka pa tsamba 638, pa nyimbo ya Guru Amar Das, yemwe uja wa lamulo la kudyera pamzere umodzi. Nyimboyo imayamba ndi kunena kuti Mulungu mwini amakhululukira opanda ukoma uliwonse ndi kuwaika pa ntchito yotumikira Guru woona. Imapitiriza kuti olakwa osawerengeka anakhululukidwa, anawolotsedwa nyanja yoopsa m'bwato la Guru, ndipo chitsulo chadzimbiri chinasanduka golide chitakhudzidwa ndi iye. Ena angaimve ngati ikunena kuti Amazhabi ndi achabechabe koma awachitire chifundo. Nyimboyo sikutero. Woimbayo akudziwerengera yekha pakati pa opanda ukomawo, ndipo m'chipinda chija mawuwo anagwera wansembe ndi wosesa mofanana. Ansembe anagonja. Anapemphera ardas, analandira prasad, ndipo inagawidwa.

Khamu linawoloka kupita ku Akal Takht, mpando wa ulamuliro wa Asikhi womwe uli moyang'anizana ndi kachisi, kukachitanso chimodzimodzi. Ansembe a kumeneko anathawa. Anthu anati mpando wa Guru sungasiyidwe wopanda mlonda, ndipo anasankha gulu lodzipereka, Teja Singh Bhuchar n'kukhala mtsogoleri wake. Zolemba zina zimati anali anthu 25, zina 17. M'mawa mwake bwanamkubwa wa boma la Amritsar anaitanitsa mbali zonse, ansembe othawa aja sanabwere, ndipo anakhazikitsa komiti yongogwirizira ya anthu 9 yoyang'anira kachisi.

Nkhani ya tsikuli timaidziwa makamaka kudzera mwa opambana. Teja Singh mphunzitsi uja anasindikiza mbiri ya kulimbana kofuna kukonza ma gurdwara mu 1922, ndipo olemba ambiri a pambuyo pake amatsamira pa iye. Anali pomwepo, zomwe zimapatsa mawu ake mphamvu, komanso anali mbali ya mlandu. Nkoyenera kufunsa ngati ansembe anagonjera nyimbo yokha kapenanso khamu lomwe linawazungulira, ndipo ine ndikuona kuti zonse ziwiri zinagwira ntchito. Kuwachitira chilungamo, iwo ankasunga mwambo womwe anaupeza, ndipo opembedza ambiri olemera omwe ankawadyetsa ankaufuna. Koma chomwe chimaoneka msanga m'zolembazi n'chakuti maina otchuka ndi a aphunzitsi ndi a atsogoleri a magulu. Omwe anaphika ndi kunyamula mbale amangotchedwa "abale a m'magulu otsika."

Zotsatira zinathamanga. Pa 15 Novembala 1920 panakhazikitsidwa SGPC ya mamembala 175, ndipo mu Disembala chipani cha Akali Dal. Pa 20 Febuluwale 1921 anyamata a mahant Narain Das anapha anthu oposa 100 ku Nankana Sahib, kobadwira Guru Nanak. Zionetsero ndi kumangidwa kwa anthu zikwi zambiri zinatha ndi lamulo la ma gurdwara la 1925, lomwe linapereka nyumbazi kwa makomiti osankhidwa. Malamulo a khalidwe la Msikhi, omwe anamalizidwa mu 1945, amanena momveka kuti prasad igawidwe mofanana, osayang'ana fuko. Ku Harmandir Sahib lero zimatero ndithu, ndipo hukam ya m'mawa uliwonse imafika pa mafoni a Asikhi ku Nairobi, London ndi Toronto.

Koma kulimbana komwe kunayamba ndi funso la fuko kunasanduka msanga kulimbana ndi ma mahant ndi Angelezi, ndipo makomiti osankhidwa anagwera m'manja mwa omwe anali ndi minda ndi mavoti. Kalembera wa 2011 anapeza kuti Adaliti ndi pafupifupi 32 peresenti ya anthu a ku Punjab, kuposa chigawo china chilichonse cha India, komabe minda yomwe ali nayo ndi yochepa kwambiri. Ambiri anatembenukira ku misasa ya aphunzitsi amoyo, yomwe m'Chipunjabi amaitcha "dera," komwe amalandiridwa ndi ulemu. Asikhi okhwima amadana ndi kugwadira munthu pamaso pa Guru Granth Sahib, ndipo pa chiphunzitso ali ndi mfundo. Mu Meyi 2009 ena a iwo anawombera atsogoleri a Dera Sachkhand Ballan ku Vienna, Sant Ramanand n'kumwalira. Mu Januwale 2010 msasa umenewo unalengeza chipembedzo chakechake cha Ravidassia, chokhala ndi buku lake la nyimbo za Ravidas.

Mlandu wofanana kwambiri ndi wa 1920 unachitika m'mudzi wa Talhan, pafupi ndi Jalandhar, mu 2003. Adaliti ndiwo anali ochuluka m'mudzimo ndipo ankapereka zopereka pa malo opatulika a Baba Nihal Singh, koma m'komiti ya anthu 13 yoyang'anira ndalamazo munalibe ndi mmodzi yemwe wa iwo. Atapempha mipando, eni minda anawasala: anasiya kuwalemba ganyu ndipo anawaletsa kumweta udzu wa ziweto m'minda. Mu Juni kunabuka ziwawa, munthu mmodzi anafa ndi chipolopolo cha apolisi, ndipo boma linalowererapo. Pomaliza Adaliti anapatsidwa mipando iwiri, ndipo anauzidwa kuti okhalapo azisunga tsitsi ndi malamulo a Chisikhi.