Ngakhale Adamu anayamba wafunsidwa

M'chaka cha 1718, yunivesite ya Cambridge ku England inalanda madigiri a Richard Bentley, mkulu wa Trinity College. Bentley anali katakwe pa Chigiriki ndi Chilatini, koma wamakani, wosamva za mnzake. Munthu wina atamusumira ku bwalo la yunivesite pa nkhani ya ndalama, iye ananyoza chisamani. Akuluakulu anapsa mtima, madigiri n'kupita. Koma mu ukali wawowo sanamuitane kuti adzayankhepo pa mlandu wa chipongwewo.

Nkhani inakafika ku khoti la King's Bench, ndipo mu 1723 oweruza analamula kuti madigiri abwezedwe. Palibe ananena kuti Bentley ndi munthu waulemu. Woweruza wina, Fortescue, anakumbutsa bwalo kuti ngakhale Mulungu sanagamule za Adamu asanamuitane ndi kumufunsa ngati wadya chipatso chija. Tsono ngati wodziwa zonse anafunsa kaye, yunivesite ndi ndani kuti ilumphe funso? Lamulo loti munthu asalangidwe asanamvedwe linalipo kale, koma mlandu wa mkulu wovutayu ndi umene maloya amautchulabe akafuna kuonetsa mizu yake.

Mu 1863 lamuloli linatuluka m'bwalo la milandu n'kulowa m'maofesi. Cooper, wa ku Wandsworth mu London, anayamba kumanga nyumba osatsata bwino lamulo lodziwitsa akuluakulu a dera kutatsala masiku 7. Iwo anabwera n'kugwetsa nyumbayo, ndipo mphamvu yogwetsa analidi nayo. Lamulo lolembedwalo silinatchule zomva mbali ya womanga. Khoti linati ngakhale aphungu asalembe, kumva munthu usanamuwonongere chake ndi udindo umene sufunika kuchita kulembedwa. Cooper anapambana.

Mbali ina ya mwambowu imakhudza woweruza mwini wakeyo. Mu 1852, nyumba ya House of Lords, imene panthawiyo inalinso khoti lalikulu koposa, inafafaniza zigamulo za Lord Cottenham, yemwe anali Lord Chancellor, mkulu wa oweruza onse, chifukwa anali ndi masheya mu kampani ya Grand Junction Canal imene mlandu wake anaweruza. Palibe anamuganizira zokondera. Masheyawo paokha anali okwanira.

Koma mlandu umene ine umandigwira mtima ndi waung'ono, wa njinga yamoto. Munthu wina dzina lake McCarthy anachita ngozi ku Sussex, n'kuimbidwa mlandu woyendetsa mosasamala. Kalaliki wa khoti anali wa kampani ya maloya imene inkaimira munthu wofuna chipukuta misozi kwa McCarthy pa ngozi yomweyo. Mamajisitireti atapita kuseri kukakambirana, kalaliki uja anapita nawo, mapepala ali m'manja. Pobwerako anati McCarthy ndi wolakwa.

Loya wake atatulukira za kalalikiyo, anakadandaula ku khoti lalikulu. Mamajisitireti analumbira kuti chigamulo anachipanga okha, kalaliki sanatsegule pakamwa. Woweruza wamkulu wa khotilo, Lord Hewart, anawakhulupirira. Komabe anati sikokwanira kuti chilungamo chichitike, chiyeneranso kuoneka poyera kuti chikuchitika, mawu amene afalikira m'makhoti a mayiko ambiri kuchokera pamene mlanduwu unasindikizidwa mu 1924. McCarthy anali kunja kwa chitseko, ndipo analibe njira yodziwira zimene zinanenedwa kapena kusanenedwa m'chipinda muja. Chigamulo chomupeza wolakwa chinathetsedwa, funso la mmene anayendetsera njinga tsiku lija osalikhudza n'komwe.