Mnzako akati zilembo za pa webusayiti yako sizikuoneka

Ife opanga mawebusayiti tili ndi chizolowezi chotumizirana ntchito isanaonekere kwa anthu, kuti mnzako aiyang'ane ndi maso ena. Zimene amabweza nthawi zina zimawawa. Watha milungu itatu ukusankha mitundu ndi kuyala zithunzi, kenako uthenga ukubwera: "Achimwene, zilembo zotuwazi ine sindikuziona." Mawu oyamba kufika pakamwa ndi akuti vuto ndi foni yake.

Ndinayankhapo choncho, ndipo ndinalakwa. Ine ndinkaona tsambalo pa kompyuta yaikulu m'chipinda cha mthunzi, pamene mnzangayo ankaliona pa foni yaing'ono ali panja, dzuwa likuswa mtengo. Kuwerengeka kwa zilembo kumayezedwa. Bungwe la W3C, limene limakonza miyezo ya intaneti, lili ndi malangizo otchedwa WCAG, amene anakonzedwanso mu 2008, 2018 ndi 2023. Malangizowa amati kuwala kwa zilembo wamba ndi kwa malo amene zakhalapo kusiyane pa mlingo wa 4.5 kwa 1, ndipo zilembo zikuluzikulu 3 kwa 1. Zanga zija, zotuwa pamalo oyera, sizinafike ngakhale pa 3. Kuyeza kunanditengera mphindi imodzi. Kukangana kunali kutatidyera tsiku.

Chiyambire pamenepo, ndemanga ikafika ndimayamba ndadzifunsa: kodi munthuyu akunena zimene sakonda, kapena zimene zamukanika? "Mtundu wobiriwirawu sundisangalatsa" ndi maganizo ake, ndipo ndili ndi ufulu womuthokoza n'kuusiya momwemo. "Ndalephera kutumiza fomu" ndi nkhani ina. Apa sindidziteteza. Ndimamufunsa foni imene wagwiritsa ntchito, pamene anadina, ndi zimene zinachitika, kenako ndimatsata mapazi ake mpaka vutolo lindigwere inenso.

Ndemanga zimene ndimazilemekeza koposa ndi za anzathu osaona. Iwo amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga mokweza zimene zili pa tsamba: TalkBack pa mafoni a Android, VoiceOver pa iPhone, kapena NVDA pa kompyuta, pulogalamu yaulere imene anaiyambitsa anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Pulogalamu yotere siona chithunzi. Imawerenga mawu ofotokozera amene wopanga tsamba anabisa kuseri kwa chithunzicho, ndipo ngati sanalembe kanthu, munthu amangomva "chithunzi" kapena "batani", osadziwa kuti ndi batani lolipirira kapena lofufutira. Wina akakuuzani zimenezi, musamuyankhe kuti tsamba likuoneka bwino, chifukwa iye sakunena za maonekedwe. Yatsani TalkBack pa foni yanu, tsekani maso, yesani kupeza nambala ya foni ya bungwe lanu lomwe. Pa kompyuta, ikani mausi pambali muyende patsambalo ndi batani la Tab la pa kiyibodi lokha. Ambiri sitifika patali, ndipo manyazi amene timamva pamenepo amaphunzitsa kuposa buku.

Kunyozera dandaulo lotere kunagwetsapo anthu akuluakulu m'mavuto. M'chaka cha 1999, Bruce Maguire, bambo wosaona, anadandaula kuti webusayiti ya masewera a Olimpiki a ku Sydney sinkawerengeka ndi zipangizo zake. Okonza masewerawo ananena kuti kuikonza n'kovuta ndiponso n'kodula. Bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikolo silinamve zimenezo, ndipo mu 2000 linalamula kuti amulipire madola 20,000 a ku Australia.

Pali tina ting'onoting'ono timene mnzako wa kwathu kuno yekha ndi amene angakuuze. Zilembo zokongola zimene wasankha mwina zilibe ŵ, ndiye dzina lakuti Malaŵi likutuluka ndi kabokosi pakati. Chithunzi chachikulu cha patsamba loyamba mwina chikudya bandulo ya munthu asanawerenge ndi liwu limodzi lomwe. Kapena fomu ikusonyeza cholakwika ndi mtundu wofiira wokha, pamene anthu ena, makamaka amuna, sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Pamafunika mawu onena chimene chalakwika.

Poyankha, sindilemba "zikomo, tiona". Mawu amenewo amatseka pakamwa munthu amene anataya nthawi yake kwaulere. Ndimamuuza chimene ndakonza, chimene sindinakonze ndi chifukwa chake, ngakhale chifukwacho chikhale chakuti mwini tsamba wakana kapena ndalama zachepa. Ndikatero ndimamupempha kuti ayesenso pa foni yomwe ija. Mnzanga wa zilembo zotuwa uja anayesanso ataima panja pomwe paja masana, ndipo ulendo uno anawerenga mpaka pansi. Anapezanso kuti batani lotumizira uthenga linali laling'ono kwambiri moti chala chinkadina mabatani awiri nthawi imodzi, ndipo ndinalikuza madzulo omwewo.