Mmene Sitima Zapansi Panthaka za ku London Zakhala Zikulimbanirana ndi Utsi, Kutentha ndi Fumbi

Pa 10 Januwale 1863, kampani ya Metropolitan Railway inatsegula njanji yoyamba padziko lonse yodutsa kunsi kwa mzinda, kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon mu London, mtunda wa makilomita pafupifupi 6. Masiku amenewo sitima zinkayendera moto ndi nthunzi, ndipo moto ukasonkhedwa pansi panthaka utsi wake umasowa kolowera. Injiniya wa ntchitoyi, John Fowler, anali atayesapo kupanga injini yosunga kutentha m'njerwa zootcha kuti iziyenda osafuka, koma inakanika, ndipo eniake anaibisa mpaka anthu anaipatsa dzina loti mzukwa wa Fowler.

Zitatero, kampaniyo inagwiritsa ntchito injini zobwezera nthunzi m'mathanki a madzi, n'kusiya mipata yosafolera m'malo ena kuti sitima zizitulutsirapo utsi. Mumsewu wa Leinster Gardens, nyumba ziwiri zinagwetsedwa kuti papezeke mpata wotere, koma pofuna kuti msewu wa anthu olemerawo usaoneke ngati wachoka dzino, anamangapo khoma lokhala ndi zitseko ndi mawindo achinyengo, ndipo khomalo lilipobe. Komabe apaulendo ankatsamwa ndi fungo la malasha. Boma litafufuza nkhaniyi mu 1897, akuluakulu a kampaniyo anafika ponena kuti mpweya wa m'masiteshoni awo unkathandiza odwala mphumu, mawu amene akusonyeza kuti kampani ikapanikizika imayamba yateteza thumba lake.

Chimene chinathetsa utsi ndi magetsi. Njanji yoyamba yakuya yoyendera magetsi, ya City and South London Railway, inatsegulidwa mu 1890, ndipo mu 1905 njanji zakale za Metropolitan ndi District nazo zinayamba kuyendera magetsi. Kunena zoona utsiwo sunathe koma unangosamuka, chifukwa magetsiwo ankapangidwa ndi malasha ku Neasden ndi ku Lots Road ya m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, kumene machumuni ankaulavulira pa anthu okhala pafupi. Malo a Lots Road anadzasinthira ku mafuta kenako ku gasi, ndipo anatsekedwa mu 2002. Lero bungwe loyang'anira zamayendedwe la Transport for London, limene linakhazikitsidwa mu 2000, limagwiritsa ntchito magetsi ambiri kuposa wina aliyense mumzindawo, ndipo linalonjeza kuti pofika 2030 magetsi ake onse adzakhala ochokera kumphepo, kudzuwa ndi zina zosatha.

Vuto limene oyambitsa njanji zakuya sanaliganizire ndi kutentha. Pamene ankakumba, dothi la dongo lozungulira njirazo linali lozizira madigiri 14, moti kampani zinkakopa anthu kuti m'nyengo yotentha azithawira pansi. Koma sitima iliyonse ikamanga mabuleki, mphamvu imene imathamangira imasanduka kutentha, ndipo dongolo lakhala likumwa kutenthako kwa zaka zoposa 100 mpaka kukhuta. Tsopano m'nyengo yotentha m'sitima zina mumapitirira madigiri 30. Kuika makina oziziritsa mpweya n'kovuta, popeza njirazo n'zopanikiza ndipo makinawo amangotaya kutentha kwa m'sitima panja pake, pomwe sikungapite kulikonse. Chodabwitsa n'chakuti njanji zakale zija, zomwe zinamangidwa zotakasuka ndi zamipata chifukwa cha utsi, ndizo zinayamba kulandira sitima zoziziritsa mpweya mu 2010.

Pofuna kuchepetsa vutoli pagwero pake, sitima zatsopano zili ndi mabuleki amene amasandutsa liwiro kukhala magetsi n'kuwabwezera munjanji kuti sitima ina iwagwiritse ntchito. Ku Islington, dera lina la mu London, anaganiza mwina. Mu 2020, pamalo pomwe panali siteshoni ya City Road imene inatsekedwa mu 1922, anatsegula makina okoka mpweya wotentha wa munjanji ya Northern n'kutenthetsera madzi amene amafunditsa nyumba zoposa 1,000 ndi sukulu m'nyengo yozizira.

Chatsala ndi fumbi, ndipo mkangano wake udakalipo pakati pa oyendetsa njanji, ofufuza zaumoyo ndi mabungwe a ogwira ntchito. Fumbi lapansili si lofanana ndi la mumsewu, chifukwa mbali yaikulu ndi tizidutswa ta chitsulo tonyenyeka pamene matayala, njanji ndi mabuleki zikukhulana, ndipo limachuluka kwambiri m'njira zakuya zosapita mphepo. Kale magulu a anthu, ambiri mwa iwo amayi, ankalowa m'njirazo usiku magetsi akazimitsidwa, atanyamula maburashi ndi zopalira, kukachotsa fumbi, tsitsi ndi ulusi wa zovala kuti zisabutse moto. Ntchitoyi imachitikabe m'maola ochepa apakati pa sitima yomaliza ndi yoyamba, kungoti masiku ano oigwira amabereka makina oyamwa fumbi kumsana.